Guluu wa gel m'thanki ya mbuna: pa zomera ndi katswiri, pa miyala yolemera musamudalire

Aliyense woweta mbuna, nsomba za m'malo amiyala a m'nyanja ya Malawi, m'thanki yagalasi amadziwa kuti nsomba zimenezi ndi zokumba. Mumasalaza mchenga madzulo, m'mawa mumapeza zauunjika pakona, pansi pa miyala pali mayenje, ndipo chomera chilichonse chimene munakwirira chikuyandama pamwamba. Yaimuna ikamakonza malo oswanirana imatapa mchenga ndi kamwa n'kukaulavula patali, ndipo siisiya mpaka galasi la pansi litaonekera. Ine ndayesapo ulusi, chingwe cha mbedza, timalabala, ngakhalenso kupanikiza mizu ndi timiyala. Chimene ndakhazikika nacho tsopano ndi kumata zomera pa miyala ndi guluu wa gel.

Ndagwiritsa ntchito mitundu iwiri. Woyamba ndi Flourish Glue wa kampani ya Seachem, amene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Amabwera m'timachubu tiwiri ta aluminiyamu, kalikonse ka magalamu 4. Wachiwiri ndi supa guluu wa gel wamba, wa m'timachubu ting'onoting'ono, amene amapezeka m'mahadiweya ndi m'masitolo akuluakulu muno mu Lusaka. Onse awiri ndi cyanoacrylate, mankhwala amene amapangira supa guluu, ndipo pamwala ndi pamtengo sindinaone kusiyana m'kagwiridwe kake. Wa Seachem ndinamukondera kachubu kake, chifukwa guluu anakhalitsa osauma nditatsegula, komanso mtima umakhala m'malo podziwa kuti anapangidwira m'thanki ya nsomba. Koma ngati mulibe wokubweretserani, musadikire. Werengani kumbuyo kwa paketi. Mukaona mawu akuti cyanoacrylate kapena ethyl cyanoacrylate, ndipo kutsogolo kwalembedwa kuti gel, ameneyo ndi yemweyo.

Chimene chimamuyenereza ntchitoyi ndi kaumidwe kake. Mitundu yambiri ya guluu imauma chifukwa chakuti madzi kapena mankhwala ena amene ali mkati mwake auluka. Uyu ayi, amalimba akakumana ndi chinyezi. N'chifukwa chake amamata zala mofulumira kuposa china chilichonse, pakuti khungu la munthu limakhala ndi kachinyezi nthawi zonse. Harry Coover, wasayansi wa ku America, anakumana naye koyamba mu 1942 pamene ankafufuza pulasitiki woonekera bwino woika pa mfuti, ndipo anamusiya poona kuti akungomatirira paliponse. Anabwereranso kwa iye mu 1951 ali ku kampani ya Eastman Kodak, ndipo mu 1958 anayamba kugulitsidwa pa dzina lakuti Eastman 910. Khalidwe lomwe lija lomatirira pa chilichonse chachinyezi ndi limene ife tikulifuna lero, chifukwa mwala wa m'thanki ndi tsinde la chomera siziuma gwa. Akalimba amasanduka pulasitiki wouma amene sasungunuka m'madzi. Oweta nsomba za m'nyanja yamchere akhala akumatira naye tizidutswa ta makorali, zamoyo za pansi pa nyanja zooneka ngati miyala, kwa zaka zambiri, ndipo makorali sachedwa kufa madzi akangolakwika pang'ono. M'thanki yanga sindinaonepo nsomba ikupuma mobanika kapena kukana chakudya chifukwa cha guluuyu.

Kusiyana kwa gel ndi supa guluu wamadzi uja wa pakhadi, amene amagulitsidwa paliponse m'misika ya Kamwala ndi Soweto, n'kwakuti wa gel anamukhuthalitsa. Mukadontheza amakhala pomwepo. Wamadzi amayenderera, amalowa pakati pa masamba ndi m'maso mwa tsinde momwe mumatulukira mphukira, ndipo pa mwala wokhakhala amangomwerera osasiya kanthu kogwira chomera. Wa gel amadzaza timing'alu, ndiponso amakupatsani masekondi angapo oti musunthe chomera chisanagwiriretu.

Si chomera chilichonse chimene chimamatidwa. Zoyenera ndi zija zimene kwawo kutchire zimamera pa miyala ndi pa mitengo m'mphepete mwa mitsinje, zokhala ndi tsinde lokwawa chopingasa limene masamba amatulukira pamwamba ndipo mizu pansi. Anubias, wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndiye woyamba. Java fern wa ku Asia, Bucephalandra wa pachilumba cha Borneo, ndi Bolbitis heudelotii wa m'mitsinje yothamanga ya muno mu Africa, onse ali m'gulu lomweli. Tsinde lawo mukalikwirira mumchenga limaola, choncho ngakhale mukanakhala mulibe nsomba zokumba, pamwala ndiye pamalo pawo. Vallisneria, udzu wautali uja umene umamera m'malo amchenga m'nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika, ndi wosiyana. Umadya ndi mizu ya mumchenga, ndipo guluu alibe nawo gawo.

Mmene ndimachitira ndi motere. Ndimatulutsa mwala m'thanki n'kuukwecha ndi bulashi yolimba pamalo pamene ndikufuna kuika chomera. Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera. Mwala umene wakhalitsa m'madzi umakhala ndi ndere ndiponso kautelezi kosaoneka bwino ndi maso, ndipo guluu akagwera pamenepo amamata ndereyo osati mwala. Pakapita masiku ochepa chomera chimanyamuka pamodzi ndi kachigamba koyera ka guluu, munthu n'kumati guluu ndi wachabe. Ndikakwecha ndimapukuta ndi kansalu kuti pakhale pachinyezi chabe, osati ponyowa chonyowa. Kenako ndimatenga Anubias, ndimadula mizu yakuda yofewa ndi lumo, yaitali kwambiri ndimaifupikitsa, n'kumuyeseza kaye pamwala popanda guluu kuti ndione mbali imene akukhala bwino. Ndimayang'ananso komwe kuli nsonga yomera, chifukwa tsinde limakwawa kulowera kumeneko ndipo liyenera kupeza mwala kutsogolo kwake. Ndikakhutira ndimaika timadontho tiwiri kapena titatu, kalikonse kosaposa mutu wa machesi, pamwala osati pa chomera. Ndimakhazika chomeracho kuti guluu agwire mizu ndi kunsi kwa tsinde pang'ono chabe, n'kupanikiza ndi chala kwa theka la mphindi. Mumamva ndithu pansi pa chala kuti kwasiya kuterera. Ndikawaza timadzi pamwamba, guluu amachita khungu nthawi yomweyo n'kuyera, ndipo mwala umabwerera m'thanki. Zonsezi zimatha masamba asanayambe kufota, koma m'mwezi wa Okutobala, pamene mpweya wa mu Lusaka ndi wouma ndi wotentha, ndimakhala ndi kabotolo kopopera madzi pafupi kuti masamba asaume ndili pa ntchito.

Guluu wochuluka ndiye mdani wa chomera. Paliponse pamene wakuta tsinde, pamenepo sipatulukanso muzu kapena tsamba, ndipo mukalikuta lonse limaolera mkati. Anthu ambiri amafinya wochuluka poganiza kuti guluu ndiye adzasunge chomeracho mpaka kale. Guluuyu ndi mbereko chabe, amagwira mwana pamsana mpaka atayamba kudzigwirira yekha. Pakatha milungu ingapo Anubias amatulutsa mizu yatsopano yobiriwira imene imakwawa pamwala n'kulowetsa timizu take m'timaenje, ndipo ikagwira, kuichotsa kumafuna mpeni. Java fern amachita chimodzimodzi ndi timizu take takuda tooneka ngati ubweya. Ntchito yeniyeni ya guluu ndi ya milungu yoyambayo basi, nthawi imene mbuna zimabwera kudzakoka tsamba lililonse kuti zione ngati ndi lodyedwa.

Kuyera kwa guluu m'madzi ndi chilema chake chenicheni, ndipo sindingachibise. Pa mwala wakuda kapena pa mtengo, kachigamba koyerako kamaoneka ngakhale muli pakhomo. Mukaika pang'ono kamabisika pansi pa tsinde. Kakatulukira m'mbali, ndimatsina mchenga wouma kapena fumbi la mwala womwewo n'kuwaza pamwamba guluu asanalimbe, ndipo kamasowa. Kotsalako ndere imadzakuta yokha pakapita nthawi.

Kunena za miyala, ife a mu Lusaka tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Mzinda uno unakhala pamwamba pa miyala ya laimu ndi dolomite, n'chifukwa chake madzi a m'mijigo amasiya zoyera pansi pa ketulo. Madzi otere ndi amene mbuna ndi nsomba za ku Tanganyika, ngati Tropheus zija za ku Mpulungu, zimakondwera nawo, pamene anzathu a m'mayiko ena amachita kugula mchere wapadera kuti madzi awo afanane ndi athuwa. Anubias ndi Java fern nazonso sizidandaula ndi madzi amenewa. Miyala ndimagula kwa amayi oswa miyala m'mphepete mwa msewu ku Kalingalinga. Tsiku loyamba nditasankha ikuluikulu yosaswa, yamayenje ndi makwinya, amayi ena anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, imeneyi mukamangira chiyani, poti ndi yokhotakhota?" Nditawauza kuti ndi ya nsomba anaseka, koma tsopano akaona wamaonekedwe achilendo amandiikira pambali. Mwala wa laimu mumauzindikira podontheza viniga: ukachita thovu, ndi womwewo. Kwa mbuna ndi wabwino. Ngati mukuweta nsomba za madzi ofewa, monga neon tetra za ku South America, sankhani mwala wosachita thovu. Pa guluu, mwala wa laimu wokhakhala umagwira bwino kwambiri, bola muutsuke fumbi loyera lija, pakuti fumbi limachita zomwe ndere imachita.

Tsopano pomata mwala ndi mwala unzake, apa ndi pamene chikondi changa pa guluu wa gel chimathera. Miyala iwiri yosasema imakhudzana pa timalo ting'onoting'ono, kwinako ndi mipata. Cyanoacrylate ndi wamphamvu akakhala wopyapyala pakati pa zinthu ziwiri zogundana bwino, koma akaunjikana amauma kunja, mkati n'kukhala wofewa kwa nthawi yaitali, ndipo akauma amakhala wophweka kuthyoka mwala ukagwedezeka cham'mbali. Timiyala tokwana m'dzanja amatigwira bwinobwino. Ndamatapo timiyala titatu kupanga kaphanga ka ana a nsomba, ndipo mpaka lero kali nji. Koma mwala woti muunyamule ndi manja awiri, woti ukhale pamwamba pa unzake pafupi ndi galasi, sindingaupachike pa madontho a gel. Thanki yanga ndi ya mamita 1.2 ndipo imalowa malita oposa 200. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mwala umodzi ukagudubuka n'kumenya galasi la kutsogolo, madzi onsewo ali pabalaza, nsomba zili pansi.

Pa miyala yapakatikati pali njira imene imagwira kwambiri, koma imafuna guluu wamadzi uja, osati wa gel. Mumatenga kathonje kapena kafyuluta ka ndudu kosasutidwa, mumakakanikizira mu mpata wa pakati pa miyala iwiri mpaka katathina, kenako n'kudonthezapo guluu wamadzi mpaka kanyowe. Pakangopita kamphindi pamatuluka kautsi koyera, fungo lake limalasa m'mphuno ndi m'maso, ndipo mukayandikiza chala mumamva kutentha. Utsi ukatha, thonje lija lasanduka cholimba ngati mwala womwewo, ndipo mukhoza kunyamula miyala iwiriyo pogwira umodzi. Wa gel sangachite zimenezi chifukwa salowerera mu thonje. Chitirani panja kapena pawindo lotsekula, nkhope ili patali. Kutentha komweku n'chifukwa chake simuyenera kuvala magolovesi a thonje kapena a ubweya pogwira guluuyu, ndipo akadonthera pa buluku la thonje amatha kuwotcha khungu. Pa miyala ikuluikulu ndimagwiritsa ntchito epoxy putty, chomatira choumbika ngati dongo chimene chimalimba gwa, kapena silikoni wa galasi wopanda mankhwala opha nkhungu, amene amafuna kusiyidwa tsiku lathunthu kapena awiri asanakhudze madzi. Ndipo kuposa zomatira zonse, miyala ya pansi ikhale pagalasi penipeni, kapena pa kachidutswa ka pulasitiki koteteza galasi, mchenga n'kuthiridwa pambuyo. Mukaikhazika pamwamba pa mchenga, mbuna zimakumba pansi pake ndipo mulu wonse umapendekeka, kaya munamata kaya simunamate.

Palinso chifukwa china chimene sindimatira miyala yonse kukhala phiri limodzi. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya. Mukafuna kuipatula kuti ana asadyedwe, kapena mukafuna kuchotsa yaimuna imene yayamba kuzunza zinzake, simungaigwire ndi kaukonde miyala ili m'malo. Imalowa m'phanga n'kukhala phee. Pamafunika kutulutsa miyala umodziumodzi. Choncho ndimakonda kumata Anubias pa kamwala kakang'ono kapadera, n'kukalowetsa mu mpata wa miyala ikuluikulu. Akuoneka ngati wamera pa phiri lonselo, koma tsiku logwira nsomba ndimangomunyamula ndi kamwala kake n'kumuika m'beseni, mizu osaduka ngakhale umodzi. Kwa ine iyi ndiye ntchito imene guluu wa gel amaichita bwino kuposa chida china chilichonse.

Ena amanena kuti zomera sizoyenera m'thanki ya mbuna, poti kunyanja, m'malo amiyala momwe mbuna zimakhala, mulibe masamba, muli miyala yokutidwa ndi ndere basi. Akunena zoona, ndipo thanki ya miyala yokhayokha ili ndi kukongola kwake. Koma ine ndimakonda kuona Labidochromis wachikasu, mtundu wina wa mbuna, akudutsa pansi pa tsamba lobiriwira, ndipo masambawo amatchinga maso kuti nsomba yothamangitsidwa ipeze popumira. Masamba a Anubias ndi olimba, a Java fern sakoma, choncho mbuna zambiri zimangowakwecha ndere n'kuwasiya. Ndinaonanso phindu lina mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Zomera zofuna kuwala kwambiri zinafa kwa anzanga ambiri. Zomatidwa pa miyalazi zinangochepetsa kukula, n'kupirira ndi kuwala kwa pawindo.

Pa mtengo wa tsanya, umene m'masitolo a nsomba amautcha mopane, guluu amagwira, koma mtengowu ndi wolimba ndi wosalala, ndiye ndimaukanda kaye ndi mpeni. Ukhalenso utaviikidwa mokwanira, chifukwa m'milungu yoyamba umatulutsa madzi ofiirira ndi kankhungu koyera koterera kamene kamalepheretsa guluu. Pa Java moss, kachomera ka timaulusi tobiriwira, sindinakhutire naye. Timaulusi ta moss timene takhudza guluu timafa n'kuyera, ndipo mpaka tatsopano titakuta pamenepo pamaoneka moipa. Ulusi wa thonje wakuda umachita bwino pa moss, ndipo umadzaola wokha moss atagwira.

Kumatira m'madzi momwemo, osatulutsa mwala, n'kotheka koma ndi kwa mwayi. Guluu akangolowa m'madzi amachita khungu kunja, ndiye muyenera kupanikiza ndi kupotoza pang'ono kuti khungulo liphulike ndipo wofewa wa mkati akhudze mwala. Ndikakhala ndi mwala woti sungatuluke, ndimadikira tsiku losintha madzi, ndimatsitsa madzi mpaka malowo aonekere, n'kumata pouma.

Pogula samalani zinthu ziwiri. Choyamba, dzina lofanana lisakusokonezeni. A kampani ya Gorilla ali ndi supa guluu wa gel amene ndi cyanoacrylate, koma guluu wawo woyamba wofiirira uja ndi polyurethane, amafufuma akamauma, ndipo ndi wa ntchito ina. Guluu womatira nsapato, wonunkha kwambiri uja, asayandikire thanki. Chachiwiri, finyani kachubu pang'ono musanalipire. Pa sitolo ina m'tauni ndinagula timachubu timene tinali titaumiratu mkati, mwina chifukwa chokhalitsa pa shelefu yotentha. Nditabwerera, mnyamata wogulitsa anati, "Pepani bambo, katundu wotsegula sitibweza," ndipo nkhani inathera pomwepo. Kachubu kabwino kamabonyera mofewa pansi pa chala.

Gulaninso timachubu ting'onoting'ono osati botolo lalikulu, makamaka nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chinyezi cha mumpweya chimalowa nthawi iliyonse mukatsegula, ndipo botolo lalikulu limauma musanafike theka. Mukamaliza pukutani kamlomo ndi kapepala ka pulasitiki, tsekani zolimba, n'kusunga m'botolo lotseka bwino momwe mwaikamo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Kachubu kosatsegula kamakhalitsa m'firiji, koma mukakatulutsa kasiyeni kayambe kafunda musanatsegule, apo ayi chinyezi chimaundana mkati. Zala zikamatana musakoke. Ziviikeni m'madzi ofunda a sopo n'kumazipotoza pang'onopang'ono, kapena pakani mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo okhala ndi acetone, kenako sambani bwinobwino musanalowetse dzanja m'thanki. Ana asamuone n'komwe, chifukwa kachubu kake kamafanana ndi ka mankhwala a m'maso.

Anubias akakula mpaka tsinde kupitirira mwala, ndimalidula ndi lezala pamalo poti chidutswa chilichonse chikhale ndi masamba atatu kapena anayi ndi mizu yake. Chakale chimatsala pamwala n'kuphukira m'mbali, chatsopano chimapita pa kamwala kena ndi timadontho tiwiri ta gel. Guluu wakale wotsalira pamwala amachoka pomupala ndi lezala lomwelo mwala ukauma.